Kodi chiwerengero cha mapepala ndi ma citation n'chokwanira poyeza katswiri wa sayansi ya kompyuta?

Funso: Ndine mphunzitsi wa za ulimi pa yunivesite ina, ndipo andiika mu komiti yoona zokweza aphunzitsi pa udindo. Tili ndi anthu awiri ochokera ku dipatimenti ya sayansi ya kompyuta. Woyamba amafufuza za AI (nzeru zopangidwa za makompyuta), ali ndi mapepala 64, ambiri a m'magazini a kafukufuku, ndipo pa Google Scholar, tsamba la Google losonkhanitsa zolemba za kafukufuku, akuonetsa ma citation 1,900 (nthawi zimene mapepala ake atchulidwa m'zolemba zina) ndi h-index ya 21 (nambala yoyeza kuchuluka kwa mapepala pamodzi ndi kutchulidwa kwake). Wachiwiri amafufuza za makompyuta ambiri ogwira ntchito limodzi pa netiweki, ali ndi mapepala 19 okha, 16 mwa iwo ndi a ku misonkhano, ma citation 430 ndi h-index ya 10. Kwathu ku ulimi pepala la ku msonkhano sitiliwerengera kwenikweni. Kodi ndingalakwe nditanena kuti wachiwiriyu sanakhwime?

Yankho: Mungalakwe, aphunzitsi, mutagamula choncho potengera manambala okhawa. Sindikunena kuti wachiwiriyo ndiye wopambana, popeza zimenezo zidzadziwika mapepala a onse awiri akawerengedwa. Chimene ndikunena n'chakuti anthuwa ali m'nthambi ziwiri zosiyana kwambiri pa kuchuluka kwa olemba, pa liwiro lotulutsira mapepala ndi pa chizolowezi chotchulana, kotero kuti 1,900 wa uyu ndi 430 wa uyo sizikuyeza chinthu chimodzi. Ndiyamba ndi nkhani ya misonkhano, chifukwa ndi imene ingapweteketse munthu wosalakwa mu komiti yanu.

Ku ulimi, ku zachipatala ndi ku nthambi zina zambiri za sayansi, munthu amapita ku msonkhano ndi chidule cha tsamba limodzi, n'kukafotokoza zimene wapeza, ndipo ntchito yeniyeniyo imadzatuluka pambuyo pake m'magazini. Ku sayansi ya kompyuta mwambo wake ndi wina. Pa misonkhano ikuluikulu monga SOSP ndi OSDI ya mapulogalamu oyendetsa makina, SIGCOMM ya manetiweki, STOC ndi FOCS ya masamu a kompyuta, kapena NeurIPS, ICML ndi CVPR ya AI, wofufuza amatumiza pepala lathunthu la masamba 8 mpaka 12 kapena kuposerapo, akatswiri atatu kapena oposerapo amaliunika, ndipo kawirikawiri mwa mapepala anayi kapena asanu alionse limalandiridwa limodzi lokha. Likalandiridwa limasindikizidwa m'buku la msonkhanowo, ndipo kwa ofufuza ambiri ntchito yathera pomwepo. Salilembanso kuti likalowe m'magazini. Vuto lanuli makomiti a ku America anakumana nalo kale, mpaka mu 1999 bungwe la Computing Research Association linatulutsa chikalata cholangiza makomiti okweza aphunzitsi, cholembedwa ndi a David Patterson, a Lawrence Snyder ndi a Jeffrey Ullman. Chikalatacho chinafotokoza kuti kwa akatswiri omanga ndi kuyesa makina ndi mapulogalamu, misonkhano ndiyo njira yaikulu yofalitsira zotsatira, ndiponso kuti zimene amanga nazonso ziyenera kuwerengedwa ngati umboni wa ntchito yawo.

Izi sizikutanthauza kuti msonkhano uliwonse ndi wolemekezeka. Ilipo misonkhano yolandira chilichonse bola munthu walipira ndalama yolembetsera, monganso alipo magazini otero. Choncho funso loyenera pa mapepala 16 aja n'lakuti anatuluka pa misonkhano iti. Bungwe la CORE la ku Australia limaika misonkhano ya kompyuta m'magulu a A*, A, B ndi C, ndipo ngakhale mndandanda umenewo uli ndi zofooka zake, ndi pabwino poyambira kwa munthu wochokera ku nthambi ina. Musaiwalenso kuti ngakhale misonkhano yapamwamba imaphonya. Mu 2014 okonza msonkhano wa NeurIPS, a Corinna Cortes ndi a Neil Lawrence, anapereka gawo limodzi mwa magawo khumi a mapepala kwa makomiti awiri osadziwana, ndipo makomitiwo anasemphana chigamulo pa pafupifupi pepala limodzi mwa anayi alionse. Dzina la msonkhano limakuuzani kuti pepala linadutsa pa khomo lopapatiza, koma silikuuzani kuti ndi lofunika motani.

Kuti muone mmene manambala amachitira ndi munthu wa nthambi ya wachiwiriyo, tiyeni tione mbiri ya zolemba za a Leslie Lamport, amene analandira mphoto ya Turing ya 2013, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse mu sayansi ya kompyuta, chifukwa cha ntchito yawo pa makompyuta ogwira ntchito limodzi. Anabadwa mu 1941 ku New York, anatenga digiri ya PhD ya masamu ku Brandeis University mu 1972, ndipo moyo wawo wa ntchito anauthera m'malabu a kafukufuku monga SRI International, Digital Equipment Corporation ndi Microsoft Research, kumene analowa mu 2001.

Pepala lawo lotchulidwa kwambiri ndi la mu Julayi 1978, lotchedwa "Time, Clocks, and the Ordering of Events in a Distributed System", lomwe linatuluka m'magazini ya Communications of the ACM. Funso lake linali lakuti, makompyuta akakhala m'malo osiyana ndipo mawotchi awo sakugwirizana ndendende, tingadziwe bwanji chimene chinayamba kuchitika? Yankho lawo linali lakuti kompyuta iliyonse isunge nambala imene imakwera pakachitika chinthu, iike nambalayo pa uthenga uliwonse umene ikutumiza, ndipo yolandira ikweze nambala yake kuti ipose ya pa uthengawo. Potero chochitika chimene chinachititsa chinzake chimakhala ndi nambala yocheperapo nthawi zonse. Mbali imeneyi ndi imene anthu zikwizikwi amaitchula. Koma m'pepala lomwelo muli mbali ina yosonyeza mmene makompyuta angapo angasungire zinthu zofanana pochita malamulo omwewo mu dongosolo limodzi, ndipo a Lamport eni ake, m'ndemanga zimene analemba pa zolemba zawo, anati kawirikawiri sakumana ndi munthu wodziwa kuti pepalalo limakamba za zimenezo. Apa tikuphunzirapo kuti citation ndi umboni wakuti wina anaika pepala pa mndandanda wa zimene watchula. Si umboni wakuti analiwerenga lonse, kapena kuti anamvetsa chimene chili chofunika m'menemo.

Nkhani ya Paxos ndiyo imene ndikufuna komiti yanu iilingalire kwambiri. Paxos ndi ndondomeko yothandiza makompyuta angapo kugwirizana pa chinthu chimodzi ngakhale ena atazima kapena mauthenga ena atasowa m'njira. Maziko ake ndi osavuta kuwamva: pa makompyuta asanu, chigamulo chimafuna atatu, ndipo magulu awiri alionse a atatu sangalephere kukhala ndi kompyuta imodzi yopezeka konsekonse, imene imakumbukira zomwe zinagwirizanidwa kale. A Lamport anatumiza pepalali ku magazini ya ACM Transactions on Computer Systems mu 1990, atalilemba ngati nthano ya nyumba ya malamulo ya pachilumba china cha ku Greece, yomwe aphungu ake ankalowa ndi kutuluka mmene afunira. Oliunika anati ndi losangalatsa pang'ono koma losafunika kwenikweni, ndipo anafuna kuti nthanoyo ichotsedwe. Mwini wake anakhumudwa n'kulisiya. Linadzatuluka mu 1998 ndi mutu wakuti "The Part-Time Parliament", anzawo ena atayamba kuligwiritsa ntchito pomanga makina enieni, ndipo mu 2001 analilembanso m'mawu osavuta. Pofika 2006 kampani ya Google inali itafotokoza za Chubby, pulogalamu yodalira Paxos, ndipo mu 2012 inafotokozanso za Spanner, nkhokwe ya deta yofalikira m'mayiko ambiri, imenenso imadalira Paxos. Komiti imene ikanakhala pansi mu 1995 n'kuwerenga mapepala a m'magazini ndi ma citation awo sikanaona chilichonse cha ntchito imeneyi, chikhalirecho inali italembedwa kale, ndipo lero ili pansi pa mautumiki a pa intaneti amene anthu mamiliyoni amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Palinso LaTeX, pulogalamu yolembera mapepala a sayansi imene a Lamport anamanga m'zaka za m'ma 1980 pamwamba pa pulogalamu ina yotchedwa TeX ya a Donald Knuth. Mapepala ochuluka zedi a masamu, fizikisi ndi kompyuta amalembedwa ndi LaTeX, koma ndi olemba ochepa kwambiri amene amaitchula pa mndandanda wawo. Katswiri wa chikhalidwe cha asayansi, a Robert Merton, anaona kalekale kuti ganizo likalandiridwa ndi aliyense anthu amasiya kutchula mwini wake. Ichi n'chifukwa chake ndimakayikira muyezo uliwonse umene sufunsa ngati munthu anamanga chinthu chimene ena akuchigwiritsa ntchito.

Tsopano tiyang'ane ku nthambi ya woyambayo. Mu 2016 a Kaiming He, a Xiangyu Zhang, a Shaoqing Ren ndi a Jian Sun, amene panthawiyo anali ku Microsoft Research ku Beijing, anafalitsa pepala lofotokoza njira yodziwika kuti ResNet, yothandiza kuphunzitsa kompyuta kuzindikira zithunzi. Pa Google Scholar pepala limodzi limeneli latchulidwa nthawi zopitirira 200,000, ndipo lasiya kutali kwambiri pepala la 1978 lija, ngakhale linabwera patatha zaka 38. Pepalalo ndi labwino ndithu, koma kukula kwa nambalayo kukuchokeranso pa kukula kwa khamu lolemba za AI. M'zaka zaposachedwapa ku msonkhano wa NeurIPS kumatumizidwa mapepala opitirira 10,000 pa chaka, pamene ku SOSP kumatumizidwa mazana ochepa chabe, ndipo pepala lililonse latsopano limabwera ndi mndandanda wake wa mapepala otchulidwa. Kumene olemba ali ambiri, ma citation amachuluka kwa aliyense, wanzeru ndi wapakatikati yemwe. Onaninso kuti pepala la ResNet linatuluka pa msonkhano wa CVPR, kutanthauza kuti mutaliyeza ndi mwambo wa ku ulimi likanapeza mapointi ochepa.

Pali chinthu china m'funso lanu chimene ine chandikopa maso kuposa mapepala 19 aja. Munthu wa AI amene mapepala ake ambiri ali m'magazini ayenera kufunsidwa kuti ndi magazini ati, popeza anthu a nthambi yake amapikisana kwambiri pa misonkhano. Ngati ali mu Journal of Machine Learning Research kapena IEEE Transactions on Pattern Analysis and Machine Intelligence, ndiye kuti muli ndi katswiri wolimba. Angakhalenso akugwiritsa ntchito AI pa mavuto a zaumoyo kapena ulimi, n'kumafalitsa m'magazini abwino a nthambi zimenezo, zomwe n'zoyenera. Koma ngati ambiri ali m'magazini olandira pepala patangopita masiku ochepa munthu atalipira, ndiye kuti 64 uja akufunika kumuunika mofatsa kuposa 19. Chifundo chimene ndikupemphera wachiwiriyo chisasanduke kukayikira woyambayo popanda umboni. Onse awiri afunsidwe funso limodzi.

Za h-index ndinena mwachidule. Anaiyambitsa mu 2005 ndi a Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku University of California, San Diego. Munthu ali ndi h-index ya 10 ngati ali ndi mapepala khumi amene lililonse latchulidwa kosachepera kakhumi. Nambalayi singapose chiwerengero cha mapepala a munthu, kotero wa mapepala 19 sangafike pa 21 ngakhale ntchito yake itakhala yotani, ndipo munthu wa mapepala asanu otchulidwa ka 10,000 lililonse amakhala ndi h-index ya 5. Imakula ndi zaka, ndiye muyenera kudziwa kuti aliyense wa awiriwa anamaliza liti PhD. Simasiyanitsanso amene anachita ntchito yaikulu ndi amene dzina lake linangoikidwa pakati pa olemba khumi ndi awiri. Pa nkhani ya mayinayi samalani, chifukwa miyambo imasiyana m'kati mwa sayansi ya kompyuta momwemo: ku AI ndi kwa omanga makina dzina loyamba nthawi zambiri ndi la amene anagwira ntchito yaikulu ndipo lomaliza ndi la womuyang'anira, pamene ku masamu a kompyuta mayina amalembedwa motsatira alifabeti ndipo malo a dzina sanena kanthu.

Kumbukiraninso kumene manambalawa achokera. Pamene a Eugene Garfield ankayambitsa Science Citation Index, mndandanda wosonyeza mapepala amene atchula pepala lililonse, m'zaka za m'ma 1960, cholinga chachikulu chinali kuthandiza wofufuza kupeza mapepala okhudzana ndi limene akuwerenga. Google Scholar, imene inayamba mu 2004, imasonkhanitsa zonse zimene makina ake apeza pa intaneti zooneka ngati zolemba za maphunziro: mapepala ounikidwa, osaunikidwa a pa arXiv (tsamba limene ofufuza amaikapo mapepala awo okha), mathesisi a ophunzira ndi malipoti. Wofufuza mwini wake ndi amene amayang'anira tsamba lake la pa Google Scholar, ndipo mapepala a munthu wina wa dzina lofanana amatha kulowamo. Scopus ndi Web of Science, nkhokwe zina zowerengera ma citation, zimasankha kwambiri, koma kwa nthawi yaitali zinkaphonya mabuku ambiri a misonkhano, motero zimatha kuchepetsa munthu ngati wachiwiri wanuyo. Mmene Google Scholar ingapusitsidwire anazionetsa a Cyril Labbé a ku Grenoble ku France mu 2010. Anapeka wofufuza wosakhalako dzina lake Ike Antkare, anamupangira mapepala pafupifupi 100 opanda tanthauzo pogwiritsa ntchito SCIgen, pulogalamu imene ophunzira a ku yunivesite ya MIT ku America analemba mu 2005 ngati nthabwala, ndipo mapepalawo ankatchulana okhaokha. Munthu wopekayo anafika pa h-index ya 94. Mu 2014, a Labbé omwewo atawatsina khutu, ofalitsa a Springer ndi IEEE anachotsa mapepala opitirira 120 opangidwa ndi pulogalamu yomweyo, amene anali atalowa m'mabuku a misonkhano. Zinthu ngati zimenezi, pamodzi ndi chizolowezi choyeza munthu ndi dzina la magazini, ndi zimene zinabala chikalata cha DORA cha ku San Francisco mu 2012 ndi Leiden Manifesto ya 2015, zomwe zonse zikunena kuti manambala athandize chigamulo cha akatswiri, asachilowe m'malo.

Popeza anthu anuwa akugwira ntchito kuno kwathu, pali chinanso choti muganizire. Pepala la ku msonkhano limafuna kuti mmodzi wa olemba akalifotokoze, ndipo zimenezi zimatanthauza ndalama yolembetsera ya madola, tikiti ya ndege ndi viza. Ofufuza ambiri a ku Africa anakanizidwa maviza a ku Canada pa NeurIPS ya 2018 ndi 2019, ndipo msonkhano waukulu wa za AI wotchedwa ICLR unadzafika mu Africa koyamba mu 2023 ku Kigali. Munthu amene wafalitsa mapepala 16 pa misonkhano yabwino ali kuno wadutsa zopinga zimene mnzake wa ku Ulaya sazidziwa, ndipo woyambayo amene anasankha magazini mwina anatero chifukwa cha zopinga zomwezo. Komanso wofufuza mavuto a kuno, monga kuphunzitsa kompyuta Chichewa kapena kusunga mbiri ya odwala kumene magetsi amavuta, amakhala ndi anthu ochepa omutchula chifukwa olemba za zimenezo ndi ochepa. Makompyuta ogwiritsa ntchito pokhudza sikirini amene bungwe la Baobab Health linaika m'zipatala zopereka ma ARV anafotokozedwa m'magazini ya PLoS Medicine mu 2010, koma phindu lake lenileni linaonekera m'zipatalamo, kumene palibe amene amalemba citation.

Ndikanakhala mu komiti yanu ndikanapempha aliyense wa awiriwa kuti asankhe mapepala ake atatu kapena asanu amene amawanyadira, alembe ndime imodzi pa lililonse yofotokoza vuto limene linalipo, chimene iye mwini anachitapo, ndi amene agwiritsa ntchito zotsatira zake. Mndandanda wa mapepala ndikanautsimikizira pa DBLP, nkhokwe yaulere ya zolemba za sayansi ya kompyuta imene a Michael Ley anayambitsa ku yunivesite ya Trier ku Germany mu 1993. Siwerengera ma citation, koma imaonetsa bwino kumene pepala lililonse linatulukira ndi amene analemba nawo. Kenako ndikanatsegula ma citation a mapepala osankhidwawo n'kuona amene akutchula. Ngati ambiri ndi mwini wake, ophunzira ake ndi kagulu kamodzi ka anzake, nambalayo ichepetsedwe mphamvu. Ngati ndi magulu osiyanasiyana osamudziwa, ndipo ena akumanga pa njira yake m'malo mongoitchula m'mawu oyamba, umenewo ndi umboni wolemera. Ndikanaonanso ngati 1,900 uja wamwazikana pa mapepala ambiri kapena waunjikana pa pepala limodzi la olemba ambiri, kapena pa pepala longofotokoza mwachidule zimene ena anachita, popeza mapepala otero amatchulidwa kwambiri kuposa ofufuza zatsopano. Wachiwiriyo ndikanamufunsa ngati pali pulogalamu imene anamanga, kumene ili, ndi amene akuigwiritsa ntchito.

Chomaliza ndi ounika akunja, ndipo apa komiti isafupikitse njira. Aliyense wa awiriwa aunikidwe ndi akatswiri a nthambi yake yeniyeni, osati pulofesa mmodzi wa kompyuta woti aone onse, ndipo asakhale amene analemba nawo mapepala kapena amene anamuyang'anira pa PhD. M'kalata yowapempha mufunse mwachindunji mmene munthuyo akufananira ndi ena a nthambi yomweyo amene anamaliza PhD nthawi yofanana, komanso ngati misonkhano ndi magazini amene wafalitsamo ndi olemekezeka kwa anthu a nthambiyo. Ngati malamulo a yunivesite yanu akupereka mapointi athunthu ku magazini okha, komiti singawasinthe pa tsiku la chigamulo, koma ingathe kulemba m'maminitsi zimene ounika akunja anena za misonkhanoyo, n'kupempha seneti kuti dipatimenti ya kompyuta ikonze mndandanda wa misonkhano yoyenera kuwerengedwa mofanana ndi magazini, mndandandawo uunikidwe ndi akatswiri akunja usanavomerezedwe.